Akatolika a kuno ku Joni, lekani kusewera ndi dzina la Mwana wa Mulungu

Ana anga, abale ndi alongo, pali khalidwe limene lamera pakati pathu ndipo sindingalisekerere. Munthu wobatizidwa, wolandira Ulimbitso, wamva mlaliki wina pa foni akunena kuti Yesu si Mulungu koma cholengedwa chabe, pompo wakaponya mawuwo pa WhatsApp ya mphakati, ati "imvani choonadi chimene ansembe amakubisirani". Lamulungu munthu yemweyo ali pamzere wolandira Ukaristia. Kodi ukulandira ndani, mwanawe?

Anzathu a zipembedzo zina amene timakhala nawo ku Mayfair ndi ku Hillbrow ali ndi chikhulupiriro chawo, ndipo tiziwalemekeza. Ine ndikudzudzula ife eni ake.

Mukuyesa mwatulukira zatsopano. Ayi ndithu. Wansembe wina wa ku Alexandria, dzina lake Arius, anaphunzitsa zomwezi, kuti inalipo nthawi imene Mwana kunalibe. Nkhaniyo inagawa Akhristu mpaka mfumu Constantine inaitanitsa maepiskopi ku Nicaea m'chaka cha 325. Kumeneko anagamula kuti Mwana ndi wobadwa kwa Atate, osati wolengedwa, ndipo umulungu wake ndi umodzi ndi wa Atate. Msonkhano wa ku Constantinople mu 381 unatsimikizanso. Athanasius, episkopi wa ku Alexandria, anapirikitsidwa pa mpando wake kasanu chifukwa chokana kugonja pa mfundo imeneyi. Ndiye inu mukuitaya chifukwa cha kanema wa mphindi zitatu amene mwaonera mu takisi pa Noord?

Vesi limene amakugwetserani ndikulidziwa, Yohane 14:28, pamene Ambuye akuti Atate ndi wamkulu kuposa Iwo. Mpingo sunalibisepo. Umaphunzitsa kuti Yesu ndi Mulungu weniweni komanso munthu weniweni, ndipo mu umunthu wake anadzichepetsa. Koma bwanji mlaliki wanuyo sakuwerengerani Yohane 1:1, kapena 20:28 pamene Tomasi akumutchula Ambuye wake ndi Mulungu wake? Yesu sanamudzudzule Tomasi. Ndipo taganizani: ngati amene anafa pa mtanda anali cholengedwa ngati ife, watipulumutsa ndani? Ndiye kuti tikamagwada pa Misa tikupembedza fano.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mwano wakuti "ine ndili ndi Baibulo langa, sindifuna episkopi". Nduna ya ku Ethiopia ija ya pa Machitidwe 8 inali nawo mpukutu wa Yesaya m'manja, koma inavomera kwa Filipo kuti siingamve popanda woitsogolera. Mkangano wa mdulidwe utabuka, atumwi ndi akulu anasonkhana ku Yerusalemu, sanasiye aliyense adzigamulire. Papa ndi maepiskopi sali pamwamba pa Mawu a Mulungu, ndi atumiki ake, koma udindo wotanthauzira unapatsidwa kwa iwo. Safunsa anadya phula.

Kukhala ndi mafunso si tchimo. Pitani nawo kwa bambo mfumu a parishi yanu, kapena ku Cathedral of Christ the King, pafupi pomwepa ndi Joubert Park. Chingerezi chikakuvutani tengani mnzanu akumasulireni. Atsogoleri a miphakati, mauthenga otere muzichotsa, kenaka mumuimbire wotumizayo mukambirane mwaulemu. Ndipo inu makolo, ana amene akubadwira kuno ambiri sakuphunzira katekisimu, kalembetseni ku parishi chaka chino.