Galu akakuluma zoyeza magazi zisiyeni kaye

Abale ndilankhuleko pang'ono poti nkhaniyi yandikhala pamtima. Sabata yatha mwana wa achemwali anga ku Chinamwali analumidwa ndi galu pakatumba akuchokera kogula makala, galu wake wosadziwika mwini, anangotulukira kuseri kwa mpanda n'kuthawa. Ine kufika madzulo ndapeza amuthira mchere pabala amanga kansalu, achemwali akuti "achimwene tidikire malipiro tikamuyezetse magazi ku labu tione ngati chiwewe chalowa." Mutu unandizungulira.

Vuto tazolowera malungo, kubaya chala kudikira pang'ono zotsatira zatuluka, ndiye timayesa matenda onse ndi choncho. Chiwewe ayi. Kachilombo kake sikayenda m'magazi, kamakwera pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo ndipo thupi limachedwa kupanga ma antibody, asilikali aja amene a labu amawafufuza, moti mukayeza lero magazi aoneka bwinobwino inu n'kumagona mtima uli m'malo, koma tsiku limene mwana adzayambe kuopa madzi ndi kutuluka dovu ndiye kuti zatha, mankhwala palibe. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ochuluka kuno ku Africa ndi ku Asia, ndipo ana ndi ambiri mmenemo.

Kuyeza ma antibody a chiwewe kulipo ndithu sindikukana, koma ntchito yake ndi ina. Amayeza munthu amene anabayitsa kale katemera, monga a vetenale amene amagwira agalu tsiku ndi tsiku, kuti aone ngati katemerayo anagwira. Agalu okwera ndege kupita ku Ulaya amawayezanso choncho, eeh agalu ena ali ndi mwayi. Koma galu amene akumuganizira chiwewe amamuyeza ubongo atafa, osati magazi.

Ndiye tinamasula kansalu kaja, kutsuka bala pampopi ndi sopo wochapira mphindi 15 zathunthu mwana akulira mpaka aneba kutuluka, kenako kabaza ulendo kuchipatala usiku womwewo, jakisoni woyamba wa katemera wa chiwewe anabaya ndipo masiku obwerera analemba m'buku. Achemwali mpaka pano akudandaula ndalama ya transipoti, pomwe galu wawo Tiger chibadwire sanabayitsidwepo katemera. Loweruka ndikamutenga ndekha pachingwe.