Za msodzi wa ku Vinalhaven uja

Zikomo alembi potikumbutsa za bambo amene anakalambira pa boti akutchera miono ya lobster ku Vinalhaven, chilumba cha ku Maine m'dziko la America. Mzimu wawo uuse mumtendere. Koma mwathamangira kwambiri pa za ntchito yeniyeniyo, pomwe ndi pamene pali nkhani.

Lobster ndi wachibale wa nkhanu, amakhala pansi pa nyanja ya mchere. Msodzi amadzuka kusanache, kuvuula miono umodziumodzi m'madzi ozizira, kuikamo nyambo ya nsomba yonunkha, n'kubwezeranso. Miono imamangidwa ku chingwe chokhala ndi choyandama chopakidwa utoto wa mwini wake, ndipo kugwira cha mnzako ndi kuputa nkhondo.

Chimene chimandigometsa ine ndi ichi. Akagwira yaikazi yonyamula mazira pamimba, amaicheka kachizindikiro ka V kuchipsepse cha mchira n'kuiponyanso m'madzi. Aliyense wodzaigwira mtsogolo saloledwa kuigulitsa, ngakhale ilibenso mazira. Amayezanso chigoba cha msana: yosakwana mainchesi 3 ndi kota imabwerera, yopitirira mainchesi 5 nayonso imabwerera. Tangoganizani, munthu kutaya ndi manja ake zazikulu zomwe zikanamupatsa ndalama zambiri! Ife timadabwa, chonsecho pa Mbenji ku Salima asodzi amalemekezanso nyengo yotseka usodzi.

Ndiye mukamati malemuwa anali oleza mtima, tiuzeninso za manja awo, ndi amene ankawathandiza kumbuyo kwa boti. Munthu ameneyo simunamutchule n'komwe.