Mitengo yatsikira kuti?

Zimandinyansa akatswiri a zachuma akamanena pa wailesi kuti zinthu zikuyenda bwino chifukwa inflation (liwiro lokwerera mitengo ya zinthu) yatsika. Ku Ghana inafika 54 peresenti mu Disembala 2022, patatha chaka inali pa 23. Mabungwe akunja anawomba m'manja, koma mayi wa ku Accra ankagulabe mafuta ophikira modula kuposa kale. Chinachepa ndi liwiro lokwerera mitengo basi, mitengoyo imakwerabe!

Kwathu kuno kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bungwe lobwereketsa maiko ndalama la IMF n'kuvomereza kutipatsa ngongole. Shuga, sopo, ngakhale kandulo pa okala zinalumpha nthawi yomweyo, malipiro ali pomwepo. Tiuzeni mtengo wa thumba la feteleza, osati maperesenti anuwo.