Tsumago ndi Hahoe, midzi iwiri yakale, umodzi ku Japan wina ku Korea

Anthu ambiri akamva Japan amangoganiza za Tokyo, masitima othamanga aja ndi magetsi owala usiku onse, koma ine chomwe chinandikhala mumtima ndi kamudzi kakang'ono kotchedwa Tsumago, kumapiri a Kiso m'chigawo cha Nagano. Ndiye nditaoloka kupita ku South Korea n'kukaona mudzi wa Hahoe kufupi ndi mzinda wa Andong mpamene mutu unayamba kuyerekeza, poti mayiko awiriwa ndi oyandikana, chowalekanitsa ndi nyanja basi, onse asunga midzi yamakolo koma kasungidwe kake abale anga n'kosiyana kwabasi.

Tsumago kale anali malo ogonapo apaulendo pa msewu wa Nakasendo womwe unkalumikiza Kyoto ndi Edo, yomwe pano ndi Tokyo, ndipo malo otere analipo 69 msewu wonsewo. Njanji itabwera anthu anasiya kuyenda wapansi, mudzi unayamba kufa pang'onopang'ono, achinyamata kuthawira kutauni, nyumba kumaola. Cha mu 1968 anayamba kukonzanso nyumba zija ndipo mu 1971 eni mudzi anamangana okha ndi mawu atatu, osagulitsa, osachititsa lendi, osagwetsa. Boma linabwera pambuyo mu 1976 kudzaika mudziwu pagulu la malo oyamba otetezedwa mwanjira imeneyi. Lero mukamayenda mumsewu waukulu simuona mawaya a magetsi, anawabisa, ndipo masana galimoto saloledwa kudutsa.

Kafikidwe kake n'kosavuta, sitima kuchokera ku Nagoya mpaka Nakatsugawa, basi mpaka Magome, mudzi winanso wakale wa pa msewu wa Nakasendo, kenako miyendo. Kuchoka Magome kufika Tsumago ndi makilomita pafupifupi 8 kudutsa m'nkhalango, maola awiri kapena atatu ngati simukuthamangira kanthu. M'njiramo anapachikamo mabelu oti muziliza pothamangitsa zimbalangondo, ndipo si zokongoletsa ayi, zilombozo zilimodi m'mapirimo. Muli mathithi awiri oyandikana, Odaki ndi Medaki, amati lina lalimuna lina lalikazi, komanso kanyumba kakale komwe amakupatsani tiyi waulele, inu mungoponya kangachepe m'bokosi ngati mtima wafuna. Ndinakhala pamenepo nthawi ndithu, utsi wa nkhuni uli tolo, anthu ochokera mayiko osiyanasiyana titangokhala phee ndi makapu m'manja. Mukafika ku Tsumago musalephere kulawa gohei mochi, mpunga wosinja womata pakamtengo, wopaka miso (chokometsera chopangidwa ndi soya) wotsekemera n'kuotcha pamakala.

Nkhalango imeneyi ili ndi mbiri yowawa. Kale, nthawi yomwe amaitcha ya Edo, mafumu a Owari omwe ankalamulira derali analetsa kudula mitundu isanu ya mitengo kuno, mpaka anthu ankati mtengo umodzi mutu umodzi, kutanthauza kuti wodula mtengo aphedwa. Nyumba yaikulu ya ku Tsumago yotchedwa Waki-honjin, yomwe kale inali yogonamo alendo olemekezeka, inamangidwanso mu 1877 ndi mtengo wa hinoki, umodzi mwa mitundu yoletsedwa ija, lamulo lija litatha, mukalowamo mumaona kuti anthu amenewa anadikira nthawi yaitali kuti agwire mitengo ya pakhomo pawo pomwe.

Tsono ku Hahoe nkhani ndi ina. Kumeneko chomanga mudzi si msewu kapena malonda, ndi magazi. Ndi mudzi wa fuko la Ryu, akhalapo zaka pafupifupi 600, mtsinje wa Nakdong unauzungulira ngati mkanda, ndipo dzina loti Hahoe likunena za madzi ozungulirawo. Nyumba zamatailosi za mabanja olemekezeka zili pakati, zaudzu zili mozungulira, moti ungoyang'ana madenga wadziwa kale kuti ndani anali ndani. Zaudzuzo kupulumuka kwake ndi nkhani yaikulu chifukwa m'ma 1970 boma la Korea pansi pa ndondomeko ya Saemaul linachotsa madenga audzu m'midzi yambirimbiri pofuna chitukuko. Ryu Seong-ryong, nduna yaikulu yomwe inatsogolera boma pamene Japan inaukira Korea mu 1592, kwawo n'komweku, ndiye mukayenda midzi iwiriyi motsatizana mumamva kuti anansi awa anachitanapo zoopsa. Mfumukazi Elizabeth II inadzacheza kuno mu 1999, ndipo mu 2010 bungwe la UNESCO linaulemba mudziwu pamndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse, pamodzi ndi mudzi wina wakale wa Yangdong.

Ku Hahoe galimoto mumasiya kunja, mumagula tikiti, kabasi kamakutengani mpaka polowera. Ku Tsumago msewu ndi waulele, mumalipira pokhapokha mukamalowa m'nyumba zomwe anazisandutsa zosungiramo zakale. Poyamba tikiti ija inandikhumudwitsa, kulipira kuti ndilowe m'mudzi momwe anthu akukhala eti? Koma nditaona tsabola atayanikidwa pabwalo, minda ya mpunga m'mbali, zitseko zina zotseka poti ndi pakhomo pa anthu osati pachionetsero, ndinamvetsa kuti popanda chipata chija alendo akanawapondereza. Pakati pa mudzi pali mtengo waukulu wakalekale womwe anthu amamangirirapo timapepala ta zopempha zawo. Ndipo pali gule wa zigoba kumaso wonyoza olemera ndi ansembe, ine ndinakumbuka Gule Wamkulu nthawi yomweyo ngakhale uyu alibe chinsinsi ngati wathu, amavina pa nthawi yoikika alendo atakhala pamipando. Mukaoloka mtsinje n'kukwera phiri la Buyongdae mudzi wonse mumauona m'munsi, ndipo sukulu yakale ya Byeongsan Seowon ili chapafupi.

Ndiye ndani akuchita bwino? Kunena zoona mtima wanga unatsala ku Hahoe chifukwa kumamveka mudzi weniweni, fungo la minda, agogo atakhala pakhonde. Tsumago ikangokwana 5 koloko madzulo mashopu amatseka, alendo amakwera mabasi, msewu umangoti zii, ndipo umadzifunsa kuti ana a mudzi uno ali kuti, ngakhale vuto la achinyamata kuthawa kumudzi lili mbali zonse ziwiri, Korea nayonso midzi yake yatsala ndi okalamba. Komabe njira yomwe ndimaipatsa ulemu kwambiri ndi ya ku Tsumago. Anthu a ku Hahoe anali ndi fuko, dzina lotchuka ndi makolo oti awaope, pomwe a ku Tsumago anali anansi chabe, osauka, mudzi ukugwa, ndipo aliyense akanatha kugulitsa kanyumba kake kwa munthu wandalama womanga hotelo n'kusamukira ku Nagoya. Anakhala pansi n'kudziletsa okha, boma lisanawauze, ndipo mawu atatu aja akugwirabe ntchito zaka zoposa 50.

Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha ku Japan kunja kwa mizinda, yambirani ku Magome osati ku Tsumago, chifukwa mbali imeneyo chitunda n'chachifupi ndipo kwambiri mumangotsetsereka. Ndipo ngati thumba likulola gonani komweko m'nyumba ya alendo yamatabwa, mudzaone nyali zikayatsidwa madzulo msewu wonse mulibe munthu, kumangomveka madzi m'ngalande.