Romeo ndi Juliet: kupupuluma sikunali kwa ana okha

Maganizo anga awa, amene mumaitenga nkhaniyi ngati chikondi cha pamwamba mundikhululukire. Dzulo ndimathandiza mwana wa achemwali anga kuwerenga sewero la Shakespeare lija, tili pakhonde iye akukutumula chimanga chootcha, ndiye ndinati tatiye tiwerenge masiku. Abale inu, sabata siyikwana! Akumana Lamulungu usiku ku phwando la a Capulet, makolo ake a Juliet, Lolemba akwatirana mobisa, tsiku lomwelo Romeo wapha Tybalt, msuweni wa Juliet, n'kupitikitsidwa mu mzinda wa Verona, pofika Lachinayi m'bandakucha onse awiri mitembo. Komanso Lamulungu lomwelo m'mawa mnyamatayu amalilira mtsikana wina, Rosaline, ati moyo wake watha. Madzulo waiwala ndi dzina lomwe kkkk.

Ndakatulo ya Arthur Brooke ya 1562 yomwe Shakespeare anatengako nkhaniyi zinthu zimatenga miyezi, iye anachita dala kuzipanikiza m'masiku ochepa, n'kumuchepetsanso Juliet zaka, sanakwanitse ndi 14 yomwe.

Kupupuluma kwa Romeo sindikukana. Wantchito wake Balthasar atangomuuza ku Mantua komwe anathawira kuti Juliet wamwalira (chonsecho anangomwa mankhwala ogonetsa kuti aoneke ngati wafa), sanafunse kawiri, anapita kwa wogulitsa mankhwala wosauka uja, kumupatsa ndalama, ma ducat 40, kugula poizoni, ulendo wa kumanda, kupha pakhomo Paris, amene amafuna kukwatira Juliet, kumwa. Akanangokhala pansi kulira kaye pang'ono mkazi wake amadzuka.

Koma chimene chimandinyansa n'choti timadzudzula ana okhaokha, akuluakulu aja timawasiya. Taonani bambo ake a Juliet. Poyamba anamuuza Paris kuti adikire zaka ziwiri mwana akule, zomveka bwinobwino. Lolemba usiku, maliro a Tybalt asanazizire, munthu yemweyo akuti ukwati Lachinayi, mwana atakana akumuopseza kuti amutaya mumsewu akafe ndi njala, ndiye Juliet atanamizira kuvomera mdalayo chisangalalo chamukwera wausunthanso ukwati kubwera Lachitatu. Tsiku limodzi limenelo ndi lomwe linamupangitsa mtsikana kumwa msanga mankhwala ogonetsa aja a maola 42.

Nanga wansembe uja, abambo Laurence? Pakamwa akulangiza Romeo kuti othamanga amapunthwa, masana ake omwewo akudalitsa ukwati wa ana oti adziwana dzulo usiku, makolo osadziwa, wowaimira palibe kupatula mayi womulera Juliet uja amene naye mawa lake watembenuka akuti ingokwatiwa ndi Paris. Ati amafuna kuyanjanitsa mabanja awiri odana, la Romeo ndi la Juliet. Pogwiritsa ntchito mwana wa zaka 13? Pulani yonse ya mankhwala ogonetsa aja anaikoleka pa kalata imodzi yomuuza Romeo kuti Juliet sanafe, ndipo wotumidwayo, wansembe mnzawo Friar John, anatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha mliri, kalata osafika. Munthu wamkulu, wophunzira, pulani ina analibe.

Mwana wa achemwali uja anandifunsa kuti ndiye pa mayeso alembe kuti wolakwa ndani. Ndinamuuza atsegule gawo lomaliza awerenge yekha mokweza. Juliet wadzuka m'manda, mwamuna wake ali gone pambali thupi likadali lofunda, abambo Laurence amva phokoso la alonda panja, amuuza kuti tiye tizipita, iye wakana, iwo liwiro kumusiya mwana yekha ndi mpeni wa Romeo. Anawerenga, anandiyang'ana, n'kuika chimanga chija pansi.