Dzino lakufa likundiwawa, wina akuti ndikungoganiza

Ndikulemba izi nditakhala tsonga pa mpando 2 koloko ya usiku chifukwa kugona kwakanika, ndikangoika mutu pa pilo dzino likugunda ngati muli kamtima kena mkatimo. Dzino lomwe lija ndinalipirira root canal (kuchotsa mtsempha mkati mwa dzino nkutseka mmizu) chaka chatha, ndalama yake ndinachita kukongola ku banki mkhonde nkumabweza miyezi inayi. Lomwelo ndithu. Lija adokotala anandiuza akuvula magulovu kuti "mayi basi tachotsa mitsempha yonse, ili silidzakuvutaninso."

Lachiwiri ndinabwerera kukiliniki komweko tsaya litatupa, pa nkhama pamwamba pa dzinolo patatuluka kachithupsa, ukangokakhudza ndi lilime kakutulutsa mafinya, mkamwa monse kuwawa ndi fungo loti sungayankhule pafupi ndi munthu mu minibasi. Pa kauntala akuti lipirani kaye yoonana ndi adokotala, chabwino ndalipira. Kulowa mkati adokotala osajambula ngakhale X-ray, angosuzumira ndi kagalasi kawo kaja, kugogoda dzino kamodzi ine mpaka kudzuka pa mpando ndi ululu, kenako akuti "dzino lakufa siliwawa mayi, mwina mukungoganiza kwambiri, kamweni amoxicillin masiku asanu." Ndikungoganiza? Ndiye mafinyawa akuchokera mmaganizo? Tsaya latupali mwana wanga analiona ndisanamuuze, nayenso akungoganiza?

Mundimvetse bwino, sindikupsa mtima chifukwa root canal yalephera ayi. Zimachitika, ngakhale kwa madokotala odziwa ntchito yawo zimachitika. Chandipsetsa mtima nchoti sanandiuze. Sanandiuze kuti dzino limeneli likhoza kudzayambiranso. Sanandiuze kuti ndidzabwere patapita miyezi adzajambule aone ngati fupa lapola. Sanandiuze kuti dzino lakumbuyo lotafunira likapangidwa root canal limafunika kuvekedwa crown, kachisoti kophimba dzino lonse, apo ayi limatha kung'aluka. Anangomata pamwamba, kulandira ndalama, risiti mmanja, yendani bwino. Maulendo atatu ndinakhala pa mpando uja kukamwa kuli yasaa, pa maulendo atatu onsewo inasowa mphindi imodzi yondiuza zoona?

Dzulo ndinapita kwa dokotala wina, mtsikana wachichepere ndithu. Anajambula, nkutembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Kunsonga kwa muzu kuli kamthunzi kakuda kozungulira ngati kanjere ka nyemba, akuti pamenepo ndi pomwe mabakiteriya akudya fupa, ndipo kachithupsa ka pa nkhama kaja ndi khomo lomwe mafinya adzibowolera kuti azitulukira. Akuti dzino lakumbuyo la mmwamba limakhala ndi mizu itatu koma nthawi zambiri tinjira ta mkati timakhala tinayi, kachinayiko kopyapyala ngati tsitsi ndipo kamabisala, langali adokotala oyamba aja sanakaone nkomwe, komanso chomata cha pamwamba chinasweka malovu nkumalowa. Ndiye akuti inde mkati mwa dzino mulibenso mtsempha, koma fupa ndi mnofu zozungulira muzu ndi zamoyo, ululu ukuchokera kumeneko. Mphindi zisanu zokha anthuni. Mphindi zisanu ndamvetsa zomwe kwa chaka chathunthu palibe anandiuza.

Ndipo anandiuza mosabisa kuti njira ndi zitatu, kutsegulanso dzino nkuchotsa zomwe anatseka nazo mmizu zija amati gutta-percha nkutsukanso bwinobwino, kapena kucheka nkhama nkudula nsonga ya muzu, kapena kungozula. Anandiuzanso kuti ngakhale atabwereza sangalonjeze kuti lichira ndithu. Mwaona? Kumeneko ndiye kumulemekeza munthu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Sindinakondwe nazo zomwe ananenazo koma ndatuluka ndikudziwa chomwe ndikulipirira.

Ndikudziwa pali ena abwera apa kuti safunsa anadya phula, mukanafunsa mayi. Ndifunse chani? Ndikanadziwira kuti zoti kuli kanjira kachinayi? Mawu oti crown ndawamva koyamba dzulo lomweli. Munthu wagona chagada, nyali ili mmaso, mlomo uli dzanzi ndi jakisoni, kachitsulo kakulira mkamwa, ndiye afunse mafunso a zinthu zomwe sanazimvepo chibadwire? Amene anapita kusukulu ya mano ndi iwowo, osati ine. Wodziwa ndi amene ayenera kulankhula. Makanika weniweni akakukonzera galimoto amakuuza kuti ichi ndamanga koma chikayamba kulira mubwere msanga, nanga dzino lomwe lili mmutu mwanga, pafupi ndi diso?

Ndipo si nkhani ya ululu wokha. Dokotala wa dzuloyu anandichenjeza kuti kutupa kukayamba kufalikira ku diso kapena kutsikira kunsi kwa chibwano, thupi nkutentha, kumeza kapena kupuma nkumavuta, ndisadikire kuche, ndithamangire kuchipatala usiku womwewo chifukwa matenda a dzino amatha kutseka kukhosi munthu nkufa. Kufa ndithu, chifukwa cha dzino. Ndiye wina wandiona tsaya lili choncho nkundibweza kunyumba kuti ndikungoganiza. Tiuzeni zoona madokotala. Mukaona kuti ntchitoyi yakukulirani tiuzeni, titumizeni kwa anzanu. Mukaona kuti mwina china chinatsala tiuzeni, sitikumenyani. Mukaona kuti ndalama ya crown sitikwanitsa tiuzenibe, tisankhe tokha ngati tizula kapena tikongola. Koma osatibisira nkumatipatsa makapisozi kuti tichoke pamaso panu.

Madokotala a mano ndi ochepa mdziko muno, izo tikudziwa, maphunziro a udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre komwe pano kuli yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Koma kuchepa kwanu kusakhale chifukwa chotiyankha ngati tilibe kwina kopita.

Ndiye za makapisozi zomwezi. Amoxicillin sangachize dzino lotere, magazi safikanso mkati mwa dzino lakufa ndiye mankhwala alowamo bwanji, amangoziziritsa kutupa kwa masabata angapo kenako zabwereranso. Koma aliyense amene wandiona sabata ino akundilembera mankhwala. Alamu anga abwera madzulo ano ndi Flagyl wa mkapepala ka pulasitiki wopanda ngakhale deti, agula kwa mnyamata wina pamsika amene amagulitsanso mabatire ndi mankhwala a makoswe pa tebulo limodzi, akuti anawauza kuti ndizimwa awiriawiri mpaka dzino litasiya. Amenewa akuwalola ndani kugulitsa zimenezi padzuwa pamene paja?