Galimoto Yosamwa Madzi

Kuseri kwa mpanda wathu kuli bambo wina amene anapuma pantchito chaka chatha. Anzake atalandira ndalama zopumira anagula malata. Iwo anakavundukula lona pa Volkswagen Beetle ya 1969 imene malemu bambo awo anasiya, yomwe inakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mango mpaka ana a m'dera lino anaitcha Kamba. Miyezi isanu ndi itatu akhala akumasula, kutsuka ndi kumanga. Loweruka lapitali linali tsiku loiliza. Ine ndinali pampanda ngati ndikuyanika zovala. Malaya amodzi ndinawayanika kanayi.

ALAMU: Odi kuno! Alamu, ndamva kuti lero Kamba akudzuka. Ndabwera ndi madzi, malita 20, apampopi enieni.

BAMBO: Lowani alamu. Madziwo apatseni alongo anu atiphikire tiyi.

ALAMU: Ndi a galimoto awa. Dzuwa la Okutobala lino, mukufuna kuliza injini ili ndi ludzu?

BAMBO: Iyi simwa madzi.

ALAMU: Ndi ngamila?

BAMBO: Imazizira ndi mphepo.

ALAMU: Alamu, ine ndayendetsa minibasi zaka khumi ndi ziwiri, Limbe–Zomba, Zomba–Limbe. Galimoto yosamwa madzi sindinaionepo. Ngakhale mlaliki amamwa madzi pakati pa ulaliki. Tatsegulani ndione ladiyeta. (Atsegula boneti kutsogolo.) Mayo ine! Akuberani injini! Muli tayala ndi thanki basi!

CHIKO: Amalume, munakuwanso chomwechi pa Khirisimasi.

ALAMU: Ndimayesa mwina panopa anaibweza.

BAMBO: Bwerani kumbuyo kuno. Iyi. Masilinda anayi, awiri agona uku, awiri agona uku, kupatsana misana ngati banja loyambana. Mukuona lamba uyu? Akuzunguza jenereta, ndipo kuseri kwa jenereta, m'kati mwa chibokosi chakudachi, muli fani. Faniyo imakoka mphepo n'kuikankhira m'timizere tili pa masilindatu. Ladiyeta yathu ndi yomweyo.

ALAMU: Nanga lamba akaduka?

BAMBO: Nyale yofiira ya jenereta imayaka kutsogolo, ndipo umaima pomwepo. Osati "ndingofika pa sitejipo," ayi. Pomwepo. Ukapitirira, injini imapsa ngati nsima ya mwana wophunzira kuphika.

ALAMU: Ndiye pamenepo mumathira madzi.

BAMBO: Pamenepo umavala lamba wina. Tulani chigubucho, alamu, phewa lithyoka.

(Sanatule. Anangochisinthira phewa lina.)

MAYI: Abambo ake Chiko, ndafunafuna m'nyumba monse. Beseni langa lochapira lili kuti?

BAMBO: Likugwira ntchito ya boma, amayi.

MAYI: Muli chiyani umu?

BAMBO: Palafini ndi mabauti.

MAYI: Nanga sefa yanga ya tiyi?

BAMBO: Ndinasefera petulo. Thanki inali ndi dzimbiri.

MAYI: Achimwene, mukumva? Sabata yatha alendo a kutchalitchi amwa tiyi wa masamba oyandama, ine n'kumanamizira ana. Thireyi ya mazira ili ndi manati. Mswachi wa Chiko unatsuka kabuleta. Chitenje changa chachikwati ndinachipeza chakulunga mapisitoni ngati makanda.

BAMBO: Pisitoni safuna fumbi.

MAYI: Ndiye ine ndimafuna fumbi?

BAMBO: Poti mwayamba kuwerenga katundu, nanenso ndili ndi mlandu. Pakusowa chilata chimodzi chakuda, chopindika chonchi, chokhala pansi pa masilinda akumanzere.

MAYI: Chimene ndimakazingirapo mtedza?

BAMBO: Mumatani?

MAYI: Chimagwira moto bwino. Mtedza supserera.

BAMBO: Amake Chiko! Chilata chimenecho ndi chimene chimakhotetsa mphepo kuti izungulire silinda isanathawe. Popanda icho mphepo imangodutsa ngati mlendo wosapereka moni. Injini iyi, kachilata kalikonse kali ndi ntchito. Azungu a ku Germany sankaika chitsulo chokongoletsera.

MAYI: Bwezani beseni, ndibweze chilata.

BAMBO: Beseni ndi sefa, mutenge zonse.

MAYI: Sefayo khalani nayo, mudzaikidwe nayo. Palinso kachivindikiro kena kanali pansi pa mpando wakumbuyo, pamwamba pa batire. Anapiye akumweramo madzi. Kameneko sindibweza.

BAMBO: Aaa, kameneko n'kopanda ntchito. Asiyeni anapiye amwe.

(Mawu amenewa muwasunge. Munthu yemweyu wangonena kumene kuti kachilata kalikonse kali ndi ntchito.)

ALAMU: Chabwino, chilata chabwera. Ilizeni tsopano timve.

BAMBO: Mavalavu kaye. Amayezedwa injini ili yozizira, yogona usiku wonse osalira. Ukangoiliza, chitsulo chimafufuma, muyeso wako wonse ndi bodza. Chiko, bweretsa fila geji, tizitsulo toyezera mpata wa mavalavu tija. Ka 0.15.

ALAMU: 0.15 ya chiyani?

BAMBO: Ya milimita.

ALAMU: Ha! Ife ku Ndirande timayeza ndi diso.

BAMBO: N'chifukwa chake minibasi yanu ija inathera pa njerwa.

ALAMU: Yanu yachokera pa chiyani?

BAMBO: Chiko, zunguza pule pang'onopang'ono. Kamphako kafike pamzere pamene magawo awiri a injini akumana. Eya. Rota yaloza pa kachizindikiro? Ndiye pisitoni nambala wani ili pamwamba. Ona, kachitsuloka kalowe mokhula pang'ono, ngati mpeni m'papaya losapsetsa. Kakalowa mwa phwee, yamasuka. Kakakana, yathina.

CHIKO: Choipa kwambiri n'chiti, adadi?

BAMBO: Yothina. Yomasuka imangosokosa, tiki tiki tiki, koma ili moyo. Yothina sikhala pansi mokwanira kuti ipereke kutentha kwake ku mutu wa silinda, ndiye imapsa mwakachetechete, tsiku lina n'kuduka. Valavu ili ngati mkazi, mwanawe. Akamalongolola udziwe kuti banja lilipo. Akangoti zii...

MAYI: (ali kukhitchini) Ndikumva!

BAMBO: Wamva? Mpata uli bwino.

ALAMU: Nanga uyu mukumusisita kwambiri bwanji?

BAMBO: Silinda nambala 3. Mwana wovutika m'banja lino. M'mainjini akale ano, choziziritsira oyilo chinaimikidwa m'kati mwa chibokosi cha fani, kutsogolo kwa iyeyu. Mphepo imayamba yadutsa m'menemo, kwa iye imafika yofunda kale. Anzake akudya nsima yotentha, iye mkute. Cha m'ma 1971 anachisunthira kunja, koma yathuyi inabadwa msanga. Ndiye m'mene ndinkatsegula chibokosicho, mukudziwa ndinapezamo chiyani? Chisa cha makoswe. Mapepala, zisanza, ndi theka la kalata ya ukwati wa malemu bambo.

ALAMU: Mukanathira madzi, makoswe akanathawa.

BAMBO: Alamu, chigubucho chikukulankhulitsani.

(Apa panadutsa ola lathunthu lopanda nthabwala. Anamanga chilata chonunkhira mtedza, anathira oyilo malita awiri ndi theka, anaika mpata wa mapointi pa 0.4, anachotsa washala imodzi pakati pa pule ya jenereta kuti lamba akungike. Taimingi anaitchera ndi kababu ka waya ziwiri, kupotoza disitibyuta pang'onopang'ono mpaka kababuko kanati ng'ani. Kunena zoona, bamboyu ntchito amaidziwa. Vuto lake ndi achibale.)

ALAMU: Fyuluta ya oyilo mwaiwala.

BAMBO: Ilibe. Ili ndi kasefa pansi, pa mbale ya manati sikisi. N'chifukwa chake oyilo timasintha pa makilomita 5,000 alionse, osadikira kuti ade ngati phula.

ALAMU: Madzi ilibe, fyuluta ilibe, injini ili kumatako. Alamu, amene anagulitsa galimotoyi kwa malemu anali mnzawo?

BAMBO: Galimoto iyi inamangidwa ku Uitenhage, ku South Africa. Kumeneko anazipanga kuyambira 1951 mpaka 1979. Ku Mexico anapitiriza mpaka 2003. Dziko lonse zinapangidwa zoposa 21 miliyoni. Anthu onsewo anapusitsidwa?

ALAMU: Anthu ambiri amalowanso sitolo ya katapila.

BAMBO: Ndikasambe m'manja. Chiko, yang'anira. Munthu asakhudze kanthu.

(Atangokhota pakona ya nyumba.)

ALAMU: Iwe Chiko, mawaya a mapulagiwa anaika ndani?

CHIKO: Adadi.

ALAMU: Tawerenga motsata.

CHIKO: Wani, folo, fili, thuu.

ALAMU: Wamva wekha? Uli fomu chani?

CHIKO: Fomu thuu.

ALAMU: Ndiye kusukulu kwanu amati wani, folo? Bambo ako akalamba, maso ayamba kuvuta. Tisawachititse manyazi. Gwira chigubuchi. Uyu abwere apa, uyu apite apo. Wani, thuu, fili, folo. Basi. Usawauze, angakhumudwe.

BAMBO: (abwerera) Amake Chiko, tulukani mudzaone! Itanani ndi aneba!

(Aneba tinali kale pampanda, anthu asanu ndi mmodzi, aliyense ndi chovala chonyowa m'manja.)

BAMBO: Chiko, chotsa giya, ikhale pa nyutulo. Ponda mafuta kamodzi, usiye. Tembenuza kiyi.

KAMBA: Kho-kho-kho-kho... kho-kho... PHAA!

(Galu anadutsa pansi pa mpanda pomwe palibe bowo. Nkhuku zinakwera mango. Agogo a kuseri anayamba nyimbo ya maliro.)

MAYI: Yesu wanga! Aphulitsa nyumba!

KAMBA: Dugu... PHAA! Dugu dugu... PHAA!

ALAMU: Ludzu limenelo! Ndinanena ine! Ndithire pati?

BAMBO: Thimitsa! Chiko, thimitsa! Iyi ikuyendera miyendo iwiri. Kabuleta ikuyetsemula moto. Dikirani... Ndani wagwira mawaya anga?

CHIKO: ...

BAMBO: Chiko, sukulu fizi amalipira ndani?

CHIKO: Amalume anati simudziwa kuwerenga.

BAMBO: Alamu! Wani, folo, fili, thuu! Ndi mmene masilinda amalandirira moto! Mwasinthanitsa thuu ndi folo, moto ukufika valavu zili pululu, ngati mlendo wolowa anthu akuvala!

ALAMU: Ndiye akanalemba penapake.

BAMBO: Analemba! Pa chitsulo chonyamula jeneretachi, onani, manambala ake ndi awa!

ALAMU: Ndimayesa ndi nambala ya foni ya makaniko.

(Anabweza mawaya. Kiyi kachiwiri.)

KAMBA: Kho-kho... dugudugudugudugu...

Abale, inalira. Kulira kwake kwa Beetle mukukudziwa, ngati chigayo chaching'ono chokhala ndi likhweru m'mphuno. Bamboyo anagwada ndi sikuludiraiva pa kabuleta ya Solex, khutu atatchera, kupotoza pang'ono, kumvera, kubweza pang'ono, mpaka kugunda kwake kunakhazikika. Kenako anapukuta m'maso ndi chisanza cha oyilo, nkhope yonse bii. Amake Chiko, omwe aja a beseni, anaimba nthungululu.

MAYI: Ine ndinkadziwa kuti idzalira. Ndinkawauza anthu.

BAMBO: Kwerani tizungulire mpaka pamsika. Amayi kutsogolo. Alamu kumbuyo.

ALAMU: Ndikwera ndi chigubu changa.

BAMBO: Kwerani nacho, mwina mukabatiza munthu panjira.

(Tsono alamuwa si munthu wochepa thupi. Kuwonjezera malita 20 pamiyendo. Anakhala kumbuyo, mbali yakumanja, mpando n'kuti fwaa mpaka pansi. Pansi pa mbali imeneyo ndi pamene pamakhala batire ya Beetle. Masipuling'i a mpando ndi achitsulo. Kachivindikiro kaja kali kwa anapiye.)

ALAMU: Koma alamu, ndivomere, galimotoyi ndi yapamwamba. Ili ndi chotenthetsera mpando?

BAMBO: Ilibe.

ALAMU: Ndiye kufundaku?

MAYI: Mukumva kununkha? Ngati tsitsi likupsa.

BAMBO: Ndi mtedza wa pachilata chija.

ALAMU: Mtedza sununkha thalauza... Mayo! Mayooo! Ndikupsa! Tsegulani! Chitseko chakumbuyo chili kuti?

CHIKO: Ilibe, amalume, ndi ya zitseko ziwiri!

ALAMU: Chinanso chimene ilibe!

(Mmene anatulukira sindingathe kufotokoza. Anadutsa pamwamba pa mlongo wawo, mutu kutsogolo, chigubu ali nachobe. Bamboyo anazula mpando uli utsi tolotolo n'kuuponya pabwalo, sipanala ili kale pa waya wa batire. Alamu anatsegula chigubu, modekha tsopano, ngati wansembe, n'kukhuthulira pafupifupi malita onse 20 pampando. Chotsala pang'ono anadzithira kumbuyo.)

MPANDO: Tsssss.

ALAMU: Alamu.

BAMBO: Musanene.

ALAMU: Alamu, ndimati ndifunse. Mwati galimotoyi simwa chiyani?

BAMBO: Wamwa ndi mpando. Injini sinalawe ngakhale dontho.

ALAMU: Mpando ndi wa njinga?

BAMBO: Amake Chiko, kachivindikiro kaja...

MAYI: Kopanda ntchito kaja?

BAMBO: Komweko.

MAYI: Sefa yatsopano, mswachi wa mwana, chitenje, ndi thalauza la achimwene. Mukabweretsa, tikakambirane ndi anapiye.